Mizukwa ya ku Jerome: tauni ya mgodi imene imadyera pa akufa ake

Pamwamba penipeni pa tauni ya Jerome, m'chigawo cha Arizona ku America, pali chinyumba cha konkire cha nsanjika zisanu chimene munthu amachionera patali akadali m'chigwa cha Verde. Masiku ano ndi hotela, dzina lake Jerome Grand Hotel. Pamalo olandirira alendo amasungapo buku loti aliyense wogona m'menemo alembe zimene wakumana nazo usiku, ndipo likadzaza amaikapo lina. Wina amalemba kuti chitseko chinatseguka chokha. Wina akuti anamva mwana akuthamanga m'khonde pakati pa usiku. Wina akuti mphaka anakwera pabedi n'kudzipinda kumiyendo, koma atayatsa getsi sanapeze kanthu. Chimene chimabwerezedwa kawirikawiri ndi chifuwa: munthu kutsokomola ndi kupuma mobanika m'chipinda chimene simunagone aliyense.

Nyumbayi isanakhale hotela inali chipatala cha kampani ya mgodi wa kopa. Jerome lero ndi katauni ka anthu osakwana 500, koma pafupifupi hotela iliyonse, bala ndi malo odyera ali ndi mzukwa wakewake. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyamba tadziwa mmene anthu ankakhalira ndi mmene ankafera paphiri limeneli. Nkhani za mizukwazi zili ndi mizu m'mbiri yeniyeni, komanso zadutsa m'manja mwa anthu ofuna kugulitsa zipinda, ndipo pofika kwa mlendo zimakhala zitasintha kwambiri.

Phiri lolemera, nthaka yosakhazikika

Jerome inamangidwa m'mbali mwa phiri la Cleopatra, mamita oposa 1,500 kuchokera pamene pali nyanja, makilomita ngati 160 kumpoto kwa mzinda wa Phoenix. Malo ake ndi otsetsereka moti denga la nyumba ina limalingana ndi khomo la nyumba ya kumtunda kwake. Pakadapanda chuma cha pansi, palibe akadamanga mudzi pamenepo. Azungu oyamba kulembetsa malo okumbapo miyala anatero mu 1876. Mu 1883 kunakhazikitsidwa kampani ya United Verde, ndipo msasa wa antchito unapatsidwa dzina la Eugene Jerome, loya wa ku New York amene anaikamo ndalama koma sanapondeko phazi. Chuma chenicheni chinayamba kutuluka mgodiwo utagulidwa mu 1888 ndi William A. Clark, mpondamatiki wa ku Montana. Iye anamanga njanji yokhotakhota yokwera phirilo, kenako anamanga tauni yathunthu ya Clarkdale kumunsi, yoti kukhale ng'anjo zosungunulira miyala. Mgodi wachiwiri, United Verde Extension wa James Douglas, unagunda mwala wolemera kwambiri nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mtengo wa kopa uli m'mwamba.

Anthu anakhamukirako kuchokera ku Mexico, Ireland, Italy, Spain, Croatia, Serbia, China ndi ku Cornwall, chigawo cha migodi cha ku England. Ambiri anali amuna okhaokha, osakwatira kapena osiya mabanja kwawo. Cha m'ma 1900, mwa anthu asanu alionse pafupifupi anayi anali amuna. Malipiro ankathera m'mabala, pa juga ndi m'nyumba za amayi oyendayenda, moti mu 1903 nyuzipepala ya New York Sun inati Jerome ndiyo tauni yoipitsitsa kumadzulo konse kwa America. Nyumba zinali zamatabwa, zothinana, madzi ali osowa, ndipo pakati pa 1894 ndi 1899 moto unapsereza pakati pa tauni kangapo konse. Connor Hotel, imene ikulandirabe alendo lero ndipo ili ndi nkhani zakezake za mizukwa, inamangidwa mu 1898 n'kupsa kawiri.

Moto woopsa kwambiri unali wa pansi. Miyala ya ku United Verde inali ndi sulufule wochuluka, ndipo mu 1894 inagwira moto umene unanyeka kwa zaka zoposa 20 osazimitsika. Amuna ankagwira ntchito m'malo otentha, mpweya uli woipa. Potsiriza kampani inaganiza zofukula phirilo kuchokera pamwamba, n'kupanga chidzenje chachikulu pophulitsa mabomba amene ankagwedeza tauni yonse. Pansi pa nyumba za anthu panali kale njira za mgodi zotalika makilomita pafupifupi 140, utsi wa ng'anjo unali utapha mitengo yogwira nthaka, ndipo phirilo lili ndi mng'alu wachilengedwe wodutsa pomwepo. M'zaka za m'ma 1930 mbali ina ya tauni inayamba kutsetsereka. Masitolo anang'aluka, ena anagwetsedwa, ndipo ndende ya tauniyo inasuntha yonse mamita ngati 70 kutsika phiri. Ikadalipo mpaka pano pamene inakaimapo. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa nkhani ya mizukwa: ku Jerome nthaka imayendadi, ndipo nyumba zambiri sizili chilili bwinobwino.

Anthu a mumgodi anali ndi mizimu yawo kalekale, alendo odzaona malo asanabwere. Amuna a ku Cornwall anabwera ndi chikhulupiriro cha tianthu ta pansi totchedwa tommyknockers, timene timagogoda m'miyala. Ena ankati ndi mizimu ya anzawo amene anafera m'mgodi, ndipo kugogodako ndi chenjezo loti thawani. Chikhulupirirochi chinafalikira m'migodi yambiri ya kumadzulo kwa America, ndipo chinali ndi nzeru mkati mwake, chifukwa mitengo yochirikiza denga ndi miyala yopanikizika zimalira zisanagwe. Womva kugogoda n'kuthawa ankapulumuka. Zoterezi si za Azungu okha. Ku Luanshya ku Zambia, mgodi wa Roan Antelope ukuyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, antchito ankafa kwambiri ndipo kunamveka kuti mumtsinje muli chinjoka chimene chikuwatenga. Anthu ankathawa ntchito mpaka kampani inakonza mwambo wochipepesa. Imfa zinatsika madambo ataumitsidwa n'kuchepetsa udzudzu wa malungo. Pamene anthu akufa mosadziwika bwino, ndipo abwana sakufotokoza, nkhani ya mzimu imagwira ntchito yotchula zoopsa zimene aliyense akuziona.

Chipatala cha kampani

Chipatala cha United Verde chinamangidwa mu 1926 n'kutsegulidwa mu January 1927. Chinalowa m'malo mwa china cha mu 1917 chimene chinawonongeka nthaka itasuntha chifukwa cha mabomba aja. N'chifukwa chake chatsopanochi anachimanga ndi konkire yokhuthala, yoti isapse ndiponso ipirire kugwedezeka. Panthawi yake chinali chimodzi mwa zipatala zamakono kwambiri mu Arizona. Chinatsekedwa mu 1950, migodi ikupita kokutha, ndipo chinakhala chopanda ntchito zaka 44. Mu 1994 chinagulidwa kuchokera kwa kampani ya migodi ya Phelps Dodge, ndipo mu 1996 chinatsegulidwa ngati hotela. Chikepe cha Otis cha mu 1926 chikugwirabe ntchito.

Pansi pa chikepe chimenechi m'pamene panachitikira imfa yodziwika kwambiri m'nyumbayi. Mu April 1935, Claude Harvey, bambo wokonza zinthu pachipatalapo, anapezeka atafa m'chipinda cha pansi, khosi litapanidwa ndi chikepe. Ofufuza za imfayo anagamula kuti inali ngozi. Anthu ambiri sanakhutire, chifukwa Harvey ankachidziwa bwino chikepecho, ndipo mpaka lero kumanenedwa kuti anaphedwa kaye kenako n'kukaikidwa pamenepo. Palibe anaimbidwa mlandu. Imfayi ndi yoona, munthuyo analikodi, ndipo kukayika kwa anzake n'komveka m'tauni imene kampani inali mwini wa chipatala, nyumba zambiri ndi ntchito ya pafupifupi aliyense. Alendo lero amati amamva chikepe chikuyenda chokha, kapena amaona mthunzi wa bambo pamasitepe.

Koma pali zina zimene zimanenedwa zomwe sizipirira munthu akaziwerengetsera. Otsogolera alendo ndi masamba ambiri a pa intaneti amabwereza kuti m'chipatalachi munafera anthu 9,000. Chipatala chinagwira ntchito zaka 23. Kuti chiwerengerocho chikwane, ndiye kuti munkafa anthu pafupifupi 390 pachaka, woposa mmodzi tsiku lililonse, osadumphitsa. Kalembera wa boma wa mu 1930 anapeza anthu osakwana 5,000 m'tauniyo, ndipo pofika 1950 anali atatsika kufika pa 1,233. Ngakhale titaphatikiza misasa yozungulira, imene imachititsa kuti ena anene kuti anthu anapitirira 10,000 m'zaka za m'ma 1920, imfa zochuluka choncho zikanamaliza tauni yonse. Chimodzimodzi malo odyera a muhotelayi anawapatsa dzina loti The Asylum, limene limapangitsa mlendo kuganiza za chipatala cha amisala, pamene ichi chinali chipatala cha matenda onse ndi cha ovulala pantchito. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani ikadutsa pakamwa pambiri imanenepa, makamaka ngati kunenepako kukubweretsa ndalama.

Chimene chimandipweteka pa chiwerengero cha 9,000 n'chakuti chimabisa zoona m'malo moziulula. Anthu amene anaferadi m'zipinda zimenezo anali ndi mayina, ndipo anafa ndi zinthu zodziwika: kugweredwa ndi miyala, kuphulikiridwa ndi bomba, kugwa m'chibowo, chibayo, chifuwa chachikulu, ndi matenda a fumbi. Mukawasandutsa chigulu cha zikwi zisanu ndi zinayi, palibenso wofunsa kuti mmodzi ndi mmodzi anafa bwanji ndipo anali ndi udindo ndani.

Tibwerere ku chifuwa chija. Makina obowolera miyala amene anafala m'migodi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankatulutsa fumbi losalala kwambiri la mwala wolimba. Antchito ankawatcha makina opanga akazi amasiye. Fumbilo likalowa m'mapapo silitulukanso. Thupi limalikuta ndi zipsera, mapapo amauma pang'onopang'ono, munthu amayamba kulephera kukwera chitunda, kenako kulephera ngakhale kuyenda m'nyumba. Madokotala amawatcha silicosis, ndipo alibe mankhwala. Mapapo otere amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu. Kubowola kothira madzi kunachepetsa vutoli, koma kunachedwa kufika, ndipo matendawa amatha kuonekera patapita zaka 10 kapena 20 munthu atasiya ntchito.

Mmalawi safunika kumufotokozera zambiri pamenepa. Midzi yathu inalandira amuna obwera ku Joni, amene anapita pa Wenela ndi Theba ali amphamvu, n'kubwerako ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chosatha. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni za South Africa, woti makampani a migodi ya golide apereke chipukuta misozi kwa odwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu, kudzera ku Tshiamiso Trust, ndipo Amalawi ali m'gulu la oyenera kulandira. Ambiri anamwalira asanaione ndalamayo. Choncho ndikamva kuti mlendo wa ku Jerome wadzidzimuka ndi kutsokomola kwa usiku, sindimuseka. Kaya anamva chiyani, phokoso limenelo ndi limene linalidi m'nyumbayo, usiku ndi usiku, kwa zaka 23. Pa zonse zimene zimanenedwa za hotelayi, imeneyi ndiyo nkhani yoyandikira kwambiri ku zoona.

Amayi a m'kanjira ka kuseri

Gulu lina lalikulu la mizukwa ya ku Jerome ndi la akazi. Tauni itayamba kufuna ulemu, nyumba za uhule anazichotsa mumsewu waukulu n'kuzikankhira kuseri, m'kanjira kamene anthu anakatcha Husbands' Alley, kodutsamo amuna apabanja mozemba. Amayi a m'tizipinda ta kumeneko ankakhala moyo wovuta: matenda, mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi nkhanza za makasitomala. Mmodzi wa iwo, Sammie Dean, anapezeka atapotoledwa khosi m'nyumba mwake mu 1931, ndipo womupha sanapezeke mpaka lero. Holo ya tauni, imene ili pafupi ndi dera limeneli, anthu amaitcha Spook Hall chifukwa cha mzukwa wa mayi amene amati amaoneka pamenepo.

Wotchuka kwambiri ndi Jennie Bauters, wochokera ku Belgium, amene anali mwini nyumba ya uhule ndipo analemera nayo. Moto ukapsereza nyumba yake ankaimanganso. Mzukwa wake amati umayendayenda m'nyumba ina ya alendo mumsewu waukulu, pamodzi ndi mphaka wake. Komatu Jennie sanafere ku Jerome. Anawomberedwa mu 1905 ndi mwamuna amene ankakhala naye, kumsasa wina wa golide kutali, kumadzulo kwa Arizona, ndipo mwamunayo ananyongedwa. Nkhani inamubweza ku Jerome chifukwa kumeneko n'kumene dzina lake lili ndi msika. Ndiponso taonani mmene amayiwa amafotokozedwera kwa alendo: fungo la mafuta onunkhira, diresi lalitali, kuseka kwa m'khonde. Kupotoledwa khosi ndi kuwomberedwa kumasanduka zokometsera ulendo wa madzulo.

Mmene bwinja linasandukira malonda

Mitengo ya kopa itagwa mu 1930, Jerome inayamba kufota. Phelps Dodge inagula United Verde mu 1935, mgodi wa Douglas unatsekedwa mu 1938, ndipo mu 1953 ntchito yaikulu yonse inatha. Anthu anatsika kufika posakwana 100. Nyumba zina zinaphwasulidwa kuti agulitse matabwa ndi njerwa, zina anazinyamula zathunthu kupita nazo kuchigwa.

Otsalawo anakana kuti mudzi wawo ufe. Chaka chomwecho cha 1953 anakhazikitsa bungwe la Jerome Historical Society, anatsegula nyumba yosungiramo zinthu zakale za mumgodi, ndipo anayamba kugula nyumba za mumsewu waukulu kuti zisagwetsedwe. Chogulitsa anali nacho chimodzi chokha, ubwinja womwewo. Anayamba kuitsatsa Jerome kuti ndi tauni ya mizukwa yaikulu kuposa zonse mu America, ponena kuti anthu anathamo, kwangotsala nyumba. Nyumba yaikulu ya Douglas inasanduka malo a boma osungira mbiri mu 1965, ndipo posakhalitsa tauni yonse inalembedwa m'kaundula wa malo ofunika pa mbiri ya dziko. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kunabwera achinyamata ojambula, osema ndi oumba, amene anagula nyumba zakugwa pamtengo wozizira n'kuzikonza.

Mlendo akauzidwa kuti akupita ku tauni ya mizukwa, amafika akufunsa kuti mizukwayo ili kuti. Mwini bizinesi amene ali ndi yankho amapeza kasitomala. Pang'ono ndi pang'ono mayina a malo anatsatira: Spirit Room, bala ya pansi pa Connor Hotel, Ghost City Inn, Haunted Hamburger. Mwezi wa October, nyengo ya Halloween, chikondwerero cha mizukwa ndi zoopsa, ndiye pachimake pa malonda. Mapulogalamu a pa TV osaka mizukwa, amene anachuluka ku America kuyambira m'zaka za m'ma 2000, anafikanso ku Jerome Grand Hotel ndi makamera awo, ndipo pulogalamu iliyonse inkabweretsa alendo atsopano odziwa kale zoti akamve. Lero pali makampani oyendetsa anthu usiku, kuwapatsa timakina toyezera mphamvu ya magetsi kuti tikalira adziwe kuti pali kanthu. M'nyumba ya mawaya akale, timakina totere sitisowa chotiliritsa.

Pano ndiyenera kunena chilungamo. Ndalama za alendowa n'zimene zapulumutsa nyumba zimenezi. Popanda iwo, chipatala chija chikanakhala chigoba, Connor Hotel ikanagwa, ndipo zikalata ndi zithunzi zimene bungwe la mbiri likusunga zikanabalalika. Matauni ambiri a migodi ku Arizona anatheratu, kwatsala maziko okha. Jerome ilipo, ndipo mizukwa inathandiza.

Nanga alendowo amamva chiyani?

Ambiri mwa olemba m'buku lija sanama. Amamvadi kanthu. Nyumba ya konkire ya zaka pafupifupi 100, yokhala ndi mapaipi akale, makonde aatali opanda kapeti wokwanira ndi chibowo cha chikepe chochokera pansi mpaka pamwamba, imanyamula phokoso kuchokera kutali n'kulitula pamalo ena. Munthu akatsokomola pansanjika yachiwiri, wa pansanjika yachinayi akhoza kumva ngati zili kuseri kwa khoma lake. Mapaipi akamatentha ndi kuzizira amagogoda. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata amadziwa mmene denga limalirira dzuwa likalowa. Zitseko za nyumba yopendekeka pang'ono zimatseguka zokha, ndipo mphepo ya paphiri imalowa paliponse.

Kenako pali maganizo a munthu mwini. Mu 1997 akatswiri awiri, Rense Lange ndi James Houran, anayendetsa anthu m'nyumba ina ya zisudzo. Theka anawauza kuti muli mizukwa, theka linalo anangowauza kuti nyumbayo ikukonzedwa. Oyambawo anasimba zachilendo zambiri kuposa anzawowo, nyumba ili yomweyo. Richard Wiseman ndi anzake atachita kafukufuku ku Hampton Court ku England ndi m'zipinda za pansi pa mzinda wa Edinburgh, anapeza kuti anthu amamva zachilendo m'malo omwewomwewo, ndipo malowo amakhala ndi kusiyana kwa zinthu monga kuwala ndi kukula kwa chipinda. Mlendo wa ku Jerome amafika atawerenga kale, wamva nkhani pa chakudya cha madzulo, mwina wamwako pang'ono, ali pabedi lachilendo pamalo okwera. Tulo take timakhala tosagwira. M'tulo totere m'mene mumachitika chija chodzuka maso ali otseguka koma thupi likukana kusuntha, pachifuwa pakulemera, pakona pakuoneka munthu. Kwathu ambiri amati ndi afiti, ku Jerome amati ndi wodwala wakale, ndipo madokotala amati ubongo wadzuka thupi likadali m'tulo ta maloto.

Zonsezi sizitseka pakamwa munthu wokhulupirira, ndipo cholinga changa si chimenecho. Funso limene ndikuliona lalikulu ndi lina: ngati akufawo alipodi, akuchitiridwa chiyani?

Akufa amene sakutchulidwa

Kwathu mzimu ukamavutitsa amoyo, ukamabwera m'maloto kapena kudwalitsa ana, akuluakulu amakhala pansi n'kufunsana kuti walakwiridwa chiyani. Ena amafulula mowa n'kuthira nsembe, ena amakalambula manda ndi kumanga chiliza, ena amaitana abusa kuti apemphere. Njira n'zosiyana koma cholinga n'chimodzi: wakufayo amvedwe, mlandu wake uthe, agone. Mzukwa woyendayenda ndi chizindikiro choti pali chinthu chosakonzedwa. Ku Jerome palibe amene akufuna kuti mzukwa ugone. Alendo amachita kupempha chipinda chotchuka ndi zoopsa, monga nambala 32 ya ku Grand Hotel, ndipo mzukwa utachoka malonda angatsike. Claude Harvey amaitanidwa usiku uliwonse kuti ayatse kagetsi pa kamakina, koma funso loti anamupha ndani, ngati anaphedwa, lilibenso mwini.

Ndipo mizukwa ya malonda imasankhidwa. Imakhala ya anthu amene imfa yawo siimba mlandu aliyense wamphamvu: hule, mwana, namwino, mphaka, wantchito wodulidwa mutu amene amamutcha Headless Charlie ndipo akuti akusakabe mutu wake m'njira za pansi. Pali akufa ena a paphirili amene simuwamva kawirikawiri pa maulendo a usikuwo.

Oyamba ndi eni nthaka. Anthu a m'derali ankakumba miyala yobiriwira ndi yabuluu paphiri lomweli, yopangira utoto, kalekale Azungu asanafike, ndipo Asipanya anaonetsedwa migodi imeneyi m'zaka za m'ma 1580. Mu February 1875 asilikali a America anasonkhanitsa Ayavapai ndi Aapache pafupifupi 1,500 a m'chigwa cha Verde n'kuwayendetsa pansi, m'nyengo yozizira, makilomita ngati 290 kudutsa mapiri ndi mitsinje yodzaza, kupita ku San Carlos, dera limene boma linawakakamiza kukakhala. Oposa 100 anafera m'njira. Chaka chotsatira, 1876, n'chimene malo oyamba a mgodi analembetsedwa ku Jerome. Zaka ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimafotokoza zambiri. Zidzukulu za anthuwa zinabwerera kuchigwa, ndipo mtundu wa Yavapai-Apache umakumbukira ulendowo chaka chilichonse mu February.

Achiwiri ndi antchito ochokera ku Mexico, amene pofika 1930 anali oposa theka la anthu a m'tauniyo. Ankapatsidwa ntchito zolemera za malipiro otsika, ankakhala m'dera lawolawo, ndipo kampani inawamangira dziwe losambira lapadera kuti asasakanikirane ndi Azungu. Ngati chipatala chija chili ndi mizimu yotsokomola, yambiri iyenera kukhala yolankhula Chisipanishi. Kumanda akale a tauniyo kuli mitumbira mazana angapo, koma miyala ya mayina yotsala ndi yowerengeka.

Achitatu sanafere ku Jerome, anachita kuthamangitsidwako. Mu 1917, kopa akufunika kwambiri pa nkhondo ndipo makampani akupeza phindu lalikulu, antchito ananyanyala ntchito kufuna malipiro abwino ndi chitetezo. Pa 10 July, gulu la amuna a mfuti ndi zibonga, mogwirizana ndi akuluakulu a migodi, linayenda nyumba ndi nyumba kugwira anthu oganiziridwa kuti ndi a bungwe la antchito la Industrial Workers of the World. Oposa 60 anawakweza m'mabogi onyamulira ng'ombe n'kuwatumiza kumalire a California. Akumeneko anawakana, ndipo anakawasiya ku Kingman, tauni ina ya mu Arizona, atawauza kuti asadzapondenso ku Jerome. Panalibe khoti, panalibe mlandu.

Patangopita masiku awiri, pa 12 July, zomwezo zinachitika ku Bisbee, tauni ina ya kopa kumwera kwa Arizona, koma mokulirapo. Amuna oposa 1,000 anakwezedwa m'mabogi a ng'ombe n'kukatayidwa m'chipululu cha New Mexico opanda chakudya ndi madzi okwanira. Palibe mkulu wa kampani amene analowa m'ndende chifukwa cha zimenezi. Bisbee nayo lero imadalira alendo, ndipo ili ndi hotela yake ya mizukwa, Copper Queen Hotel, imene Phelps Dodge inatsegula mu 1902. Mzukwa wake wotchuka ndi wa mayi woyendayenda amene akuti anadzipha chifukwa cha chikondi. Kwa zaka zambiri nkhani ya mabogi a ng'ombe inali yosakambidwa poyera m'tauniyo, pakuti m'mabanja ena mchimwene anali kumbali ya mfuti, mng'ono wake ali m'bogi. Mu July 2017, patatha zaka 100, anthu a ku Bisbee anachita sewero la tsikulo m'misewu yawo yomweyo, ena atanyamula mfuti, ena akuyendetsedwa pamzere kupita kubwalo la mpira kumene agogo awo anasungidwa asanakwezedwe sitima.